Amuna Khumi Dzuwa Lisanalowe

Lolemba, 10 Novembala 2025

A Lewin akananso phala. Masupuni awiri basi, kenaka kutembenukira kuwindo. Ino ndi sabata yachitatu akudya ngati mbalame. Ndawakalipira, sindibisa. Ndati zaka 92 si chifukwa chochitira makani ndi ine, ndinalera ana atatu okana kudya ndipo onse ananenepa. Sanaseke n'komwe.

Zaka zitatu ndikubwera m'nyumba ino ya ku Romford, kuwasambitsa, kuwaphikira, kuwamwetsa mankhwala. Poyamba anali awiri, iwo ndi akazi awo Mayi Etta. Ndimawadziwa akakwiya, ndimawadziwa akadwala. Izi ndi zina.

Masana ndikuwadula zikhadabo anangoti, "Loice, Lachiwiri sabata yamawa Etta akwanitsa chaka, pa kalendala yathu ya Chiyuda. Sindinamunenere Kadishi."

Ndinafunsa kuti n'chiyani. Akuti ndi pemphero lomwe wofedwa amanena ataimirira. Mayi Etta akuikidwa iwo anali m'chipatala chiuno chitathyoka, kenaka chibayo, masiku a maliro onse anathera pabedi. Mwana analibe. Ndiye palibe wa m'banja amene anaimirira kumunenera mayiyo. Ndinati nenani pompano, ine nditseke maso. Anapukusa mutu. Silinenedwa munthu ali yekha, pamafunika amuna khumi. Kusunagoge kwawo amakwana Loweruka lokha, ndipo Loweruka iwo sakwera galimoto. Miyendo yoyendera nayo alibe.

"Chaka chamawa kulibe ine," anatero. Sindinatsutse. Ndimawasambitsa, nthiti ndimaziona.

Lachiwiri, 11 Novembala

Tsiku lokumbukira asilikali. Tinakhala chete limodzi ndi a pa TV, iwo atavala duwa lofiira pajuzi. Atatha anayamba kulankhula okha, ine ndikusita.

Anafika pa siteshoni ya Liverpool Street ku London ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, kuchokera ku Vienna, chikatoni cha nambala chili pakhosi. Sitima yodzaza ana okhaokha a Chiyuda, owathawitsa kuti asaphedwe. Amayi awo anawasokera dzina m'kati mwa jekete. Makolowo sanawaonenso, manda awo kulibe. Anakula kwa anthu, anapita ku usilikali, kenaka zaka makumi anayi akudula nsalu ku Whitechapel. Mayunifolomu a manesi, a makondakitala, a madalaivala a basi. Akuti jekete ya kubasi ya mwamuna wanga Tafi ndi yosokedwa mwaulesi, nthawi yawo kolala sinkaima choncho.

Mayi Etta anali mzamba. Izo ndinadzionera ndekha. Tsiku lina mayi wobweretsa makalata anawagwira dzanja pakhomo n'kunena kuti ndinu munandilandira pobadwa, ndi mng'ono wanganso.

Sindikudziwa chinandilowa, koma nane ndinawauza za abambo. Kuti agogo anayenda wapansi kuchokera ku Dedza kukalima fodya ku Zimbabwe. Abambo anabadwira pafamu pomwepo, anakalambira pomwepo, koma chitupa chawo chinkati ndi mlendo mpaka tsiku lomwalira. Ankatitcha anthu opanda mtundu. Famu itasintha eni, pamene panali manda a antchito anapalima chimanga. Sindingaloze pamene agona.

A Lewin anangonditambasulira dzanja, ndinaika ayironi pansi n'kuligwira. Shati yawo ya buluu yatsala pang'ono kupsa.

Lachitatu, 12 Novembala

Kunabwera a Sidney, amene amatsogolera mapemphero kusunagoge kwawo poti m'busa wokhazikika alibenso. Ankayendetsa takisi yakuda, anasiya chifukwa cha maso. Munthu wabwino, koma wolankhula ngati wailesi.

Agwirizana kuti pempherolo lichitikire muno m'nyumba Lachiwiri masana, dzuwa lisanalowe. Likangolowa, kwa iwo ndi tsiku lina, chaka cha Mayi Etta chadutsa. Dzuwa la Novembala kuno limalowa munthu usanatsuke mbale za nkhomaliro.

Anayamba kutchula maina. Uyu anamwalira. Uyu anasamukira kwa mwana wake kumpoto kwa London. Uyu mutu unasokonekera. Achinyamata ali kuntchito m'tauni, ndani angasiye ntchito pakati pa sabata? Ine ndinayamba kuwerenga ndi zala kuti ndithandize, a Lewin n'kundimenya kadzanja. Akuti anthu sawerengedwa ndi chala ngati mbuzi. A Sidney amawerenga ndi vesi ya mawu khumi, munthu aliyense liwu lake. Vesiyo inathera panjira. Alipo asanu ndi anayi pamodzi ndi a Lewin. Wasowa mmodzi.

Alipo a Monty, mnzawo wakalekale wa ku Harold Hill, koma ali pa njinga ya olumala, amakhala m'mwamba mwa mdadada ndipo lifiti inafa mwezi watha. Sanatulukepo panja chifere. Aliponso mwana wa dokotala wina amene wati ayesetsa. A Sidney potchula ameneyo anayang'ana pansi.

Atapita, a Lewin anapempha kugona. Supu sanaikhudze.

Lachinayi, 13 Novembala

Mvula. Tositi theka. Sanalankhule tsiku lonse.

Lachisanu, 14 Novembala

Mtima ukundiwawa. Munthu anaveka theka la London, mkazi wake analandira ana osawerengeka, lero asowe mwamuna mmodzi woima m'chipinda? Kwathu kufamu munthu akamwalira, ngakhale wobwera dzulo wopanda m'bale, kompaundi yonse inkagona pakhomo. Achewa, Asena, Ayao, Mashona, palibe ankafunsa. Maliro n'kulirana.

Ndamuuza Tafi titadya kuti ndikalengeza kutchalitchi. Anandiyang'ana ndi maso ake aja a ng'ombe yoganiza.

"Wafunsa kuti zimaloledwa?"

"Kufunsa chiyani? Akufuna amuna. Inu sindinu mwamuna?"

"Ndimangoti u-checke kaye, mai mwana. Anthu ali ndi ma rules awo."

Ndinamuuza kuti ma rules akawauze anthu a m'basi mwake. Anakweza mapewa n'kupita kukatsuka mbale. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi za ukwati, sanapambanepo mkangano ndi ine, ndipo sayesanso.

Loweruka, 15 Novembala

Sindili pantchito. Kuchapa, msika wa ku Barking, kuimbira mwana wanga Chengetai ku Leeds. Mutu uli ku Romford.

Lamulungu, 16 Novembala

Ndinaimirira nthawi ya zolengeza. Tchalitchi chathu ndi holo ya sukulu, anthu sitikwana makumi asanu, a ku Zimbabwe ndi a ku Zambia kusakanikirana. Ndinafotokoza zonse, za sitima ya ana, za mzamba, za mwamuna mmodzi wosowa. Ndinalira pang'ono, zomwe sindikonda pagulu.

Woyamba kukweza dzanja anali Crispin wa takisi yaikulu ija. "Ba Loice, ine nizabwela. Ma school run, yotenga bana ku sukulu, nizapasa munzanga." Kenaka Mubanga, amene amakankha odwala kuchipatala, wati asinthana shifiti. Madoda ena awiri. Tafi anakweza lake pomaliza, atamva chigongono changa. Asanu. A Sidney akufuna mmodzi, ine ndibweretsa asanu, aone kuti ku Barking kuli anthu.

Ndawauza kuti masuti akuda, nsapato zopolisha, ndipo wina asayerekeze kubwera ndi soseji m'thumba. Nyumba ija nyama ndi mkaka sizikumana, ndinaphunzira ndi misozi chaka choyamba nditatsukira mpeni wa nyama m'beseni la mkaka.

Lolemba, 17 Novembala

Ndinawauza ndikuwapesa: "Musadandaule, wachikhumi wapezeka."

Anatembenuka msanga mpaka chipeso chinagwa. "Sidney waimba?"

Ndinangoti zonse zili m'malo. Ndikufuna adzaone okha mawa.

Anasintha nkhope pompo. Anapempha kumetedwa ndevu. Anandituma kutulutsa suti yotuwa imene anadula okha, akuti ndi yomaliza asanatseke shopu. Yakula, mapewa akulendewera, ndaigwira ndi mapini kumbuyo. Anakhala masana onse ndi kabuku kawo ka mapemphero, milomo ikuyenda, akuopa kudzaiwala mawu pamaso pa anzawo.

Dzuwa likulowa anayatsa kandulo ya m'kagalasi, yoyaka usiku ndi usana. Machesi atatu anathyoka, koma anakana kuti ndiwathandize. Tinaiika pafupi ndi chithunzi cha Mayi Etta atavala yunifolomu. Kudya sanadyebe. Akuti mawa.

Lachiwiri, 18 Novembala, masana

Ndikulemba ndili m'khitchini mwa a Lewin. Ndikapanda kulemba ndiswa mbale za eni.

Madala a kusunagoge anafika ndi ndodo zawo, kutsokomola, kudandaula za mabasi. Mwana wa dokotala uja anatumiza uthenga kuti wagwidwa ndi msonkhano. A Sidney nkhope inagwa. Ine mumtima ndikuseka. Posakhalitsa belu, ndikutsegula, anyamata anga asanu ali ndondondo pakhomo, masuti akuda, Crispin mpaka magolovesi. Ndinawalowetsa ngati ndikuperekeza mkwati. Ndinati a Sidney, nawa amuna, sankhani amene mukufuna.



A Sidney anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Anandikokera kuno kukhitchini n'kunena motsitsa kuti amayi, mwachita chinthu chachikulu, koma khumiwo ayenera kukhala Ayuda. Alendowa ndi olandiridwa, akhale, amve. Koma sangawerengedwe.

Sangawerengedwe.

 M'maganizo ndinaona abambo anga ataima pamzere ndi chitupa chawo chija, akuuzidwa kuti inu ayi. Ndinawauza a Sidney kuti anthu awa asiya ntchito, ataya ndalama za tsiku, ndi amene amakunyamulani m'chipatala ndi kukuyendetsani m'misewu, lero mukuti si anthu? Anati sindinati si anthu, ndipo si ine ndinaika lamulo. Maso awo anali ofiira. Ndinalankhula zambiri, zina sindizilemba.

Chimene chikundipweteka kwambiri si chimenecho. Ndi nkhope ya a Lewin. Anali atakhala pampando wawo, suti yamapini, ndevu zometa, kabuku pamiyendo. Anayang'ana amuna anga, anayang'ana ine, ndipo anamvetsa kuti wachikhumi uja ndi ameneyu. Anatseka kabuku. Ndine ndinawapatsa chiyembekezo chabodza, ndi pakamwa pangapa. Safunsa anadya phula, ndipo Tafi anandiuza.

Anandiitana. Ndinapita ndikuyembekeza kukalipidwa. Anati ndiwerame, n'kundinong'oneza: "Etta nayenso sankawerengedwa, poti ndi mkazi. Anakangana nane za zimenezi zaka makumi asanu ndi limodzi. Ukanakhala pano nthawi imeneyo mukanandimaliza awiri." Anayesa kumwetulira, sizinatheke. "Uwathokoze abale ako. Uwapatse tiyi asanapite."

Sindinaphike tiyi. Ndinaima pakhonde ndikupuma ngati ndathamanga. M'pamene ndinamva Tafi, amene salankhula pagulu ngakhale pa ukwati wa mwana wake, akufunsa a Sidney kuti kodi palibiretu Myuda wina aliyense kufupi kuno? A Sidney anatchula a Monty, n'kuwonjeza kuti n'zosatheka, nyumba yachisanu m'mwamba, lifiti yakufa, munthu wake ndi wolemera.

Mubanga anafunsa kuti masitepe ake ndi otakata bwanji. Crispin anali atatulutsa kale makiyi. "Manje tiimilila chani? Tiyeni tikabatenge ba mudala."

A Sidney anaimba foni. Tonse tinamva a Monty akukuwa kuti sanyamulidwa ngati thumba la mbatata ndi anthu osawadziwa. A Lewin anapempha foniyo. Anangoti, "Monty, ndi za Etta." Kenaka tinamva a Monty akuti abwere ndi bulangete.

Apita onse asanu ndi a Sidney wolozera njira. Dzuwa lili pamwamba pa matenga a tsidya la msewu, ndipo msewu wa ku Harold Hill nthawi ya ana otuluka kusukulu ndimaudziwa. Madala ali pabalaza akudikira. A Lewin akuyang'ana kandulo, yatsala pang'ono pansi pa galasi.

Ambuye, ngati munandimverapo, gwirani dzuwa lija.

Lachiwiri lomweli, madzulo

Anafika dzuwa litakhala pa chumuni cha nyumba ya tsidya, lofiira. Ndinali pawindo. Galimoto isanaime bwino chitseko chinali chotsegula. Anawatsitsa ndi njinga yawo yomwe, anayi kugwira m'makona, Mubanga akulamula ngati kapitawo. Thalauza la Crispin lang'ambika pabondo, Tafi thukuta lili chuchuchu m'kuzizira konseku. A Monty atakutidwa bulangete mpaka m'khosi, akutukwana masitepe, lifiti, khonsolo ndi dalaivala, koma m'maso mukutuluka misozi. Akuti mphepo. Mwina ndi mphepodi, mwezi wathunthu osaimva.

Atawalowetsa pabalaza, iwo ndi a Lewin anangoyang'anana. A Monty anati, "Wachepa." A Lewin anati, "Iwe wanenepa, afunse anyamatawa."

A Sidney ananena vesi yawo ija, akuyang'ana munthu mmodzimmodzi. Ulendo uno inafika kumapeto.

Anatulutsa tizipewa m'thumba la jekete, totsala pa maukwati akale, n'kugawira amuna anga. Ka Crispin kanali kapinki. Anaima mumpata wa pakhomo la pabalaza poti m'kati munadzaza, manja kutsogolo ngati pa mgonero. Ine ndinali kumbuyo kwa mpando wa a Lewin. Mkwiyo unali usanathe, ndisaname. Unali utangokhala pansi.

Anapemphera m'chinenero chawo, mothamanga, akugwedezeka. Sindinamve kanthu. Kenaka a Sidney anatembenuka n'kugwedeza mutu. A Lewin anagwira chogwirira chawo choyendera. Ndinafuna kuwadzutsa monga mwa masiku onse, anandikankha ndi chigongono. Anadzuka okha, pang'onopang'ono. Pini imodzi inagwa pansi.

Anatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Anayesanso. Anayang'ana m'kabuku koma sanathe kuwerenga.  Kunja kuwala kunali kukuchepa.

A Monty, ali m'bulangete muja, ananena liwu loyamba motsitsa. A Lewin analibwereza. Lachiwiri chimodzimodzi. Pofika lachitatu anapitiriza okha, mawu akukwera, osayang'ananso m'buku. Si mawu amene amandipempha nawo madzi. Anali a munthu wina amene sindinakumane naye, mwina amene Mayi Etta anakwatiwa naye.

Pakati pake madala anayankha kuti ameni. Mawu amenewo ndiye tinawadziwa. Pamene anafikanso poyankha, kuchokera pakhomo paja kunabwera ameni wa amuna asanu a kwaya ya ku Barking, wa besi, mpaka magalasi a m'kabati analira. A Sidney anadzidzimuka n'kucheuka. Ndinati basi, talakwanso. Koma anangogwedeza mutu kuti pitirizani, ndipo atafika pena anakweza dzanja kuwapatsa chizindikiro. Nane ndinayankha. Ndinayankhira Mayi Etta, ndi amayi aja anasoka dzina m'jekete, ndi abambo anga ali pansi pa chimanga cha eni. Kaya zimaloledwa kaya ayi, sindinafunse.

Pomaliza pempheroli munthu amabwerera m'mbuyo pang'ono. Apo ndiye anandilola kuwagwira. Atakhala pansi anatseka maso nthawi yaitali. Nditayang'ana pawindo, magetsi a mumsewu anali atayaka.

Crispin anafunsa a Monty ngati akudziwa kuti masitepe aja tiyenera kuwakwezanso. A Monty anati akudziwa, n'chifukwa chake akufuna adye kaye keke kuti alemere bwino.

Ndinapita kukhitchini kukatenga makapu a masiku onse. A Lewin anandiitana.

"Osati amenewo. Tsegula kabati, utenge a Etta a maluwa."

Makapu amenewo sanatulukepo chimwalirire mayiwo, ngakhale kupukuta fumbi ankandiletsa. Ndinafunsa kuti angati. Anayang'ana pabalaza ponse, madala awo, amuna anga ndi tizipewa tawo, mpaka ine.

"Aliyense ali muno," anatero. "Ndipo supu ija ya dzulo ilipo? Unditenthetsere. Uikemo ndi buledi."